Mapepala a M'chitini cha Mabisiketi

Ndinatsika sitima ku Keighley mvula ikuwaza,
m'thumba muli mapaundi mazana asanu ndi awiri
ndi mawu a mlamu wanga Declan:
"Penti ndi wabodza, usamumvere.
Werenga mapepala oyezera.
Chaka ndi chaka makaniko amalemba
zimene mwini wake sangakuuze."

Mayi Thwaite anakankha chitseko cha galaja.
Sikuta inaima pakati pa makwerero ndi matumba a manyowa,
yabuluu, galasi lakumanzere lomanga ndi tepi.
Mapepala anali m'chitini cha mabisiketi,
opinda panayi, onunkha girizi.

Loyamba: yakhoza.
Lachiwiri: yakhoza, koma tayala lakumbuyo likupita.
Lachitatu: yalephera. Tayala lomwe lija.
Ndinaseka chamumtima, eya,
bamboyu anali woumira,
wodikira kuti lamulo limukoke khutu.
Koma pansi pake panali lina, tsiku lomwelo,
nthawi ya madzulo: yakhoza.
Vuto sanagone nalo.

Galaja imodzimodzi zaka zonse,
woyeza mmodzimodzi, Pritpal,
siginecha yake yopendama ngati mpanda wakale.
Declan amati wosintha galaja chaka chilichonse
pali chimene akuthawa.

Ndiye ndinafika pa lachisanu ndi chimodzi,
chala changa chinaima.
Mailosi, amene ankakwera zikwi zitatu pachaka,
abwerera m'mbuyo.
Kuchoka pa zikwi makumi awiri kugwera pa mazana asanu.
Mtunda umene munthu wayenda kale subwerera.
Ndinayamba kupinda mapepala, kufunafuna mawu otsanzikira.

"Mwaona chaka cha chipale," anatero mayiwo,
osandiyang'ana, akupapasa pansi pa chitini.
Lisiti. Wotchi yatsopano ya mailosi.
"Anagwa pamtsetse wa ku Ingrow, Januwale.
Wotchi anasintha.
Phewa anakhala nalo chomwecho."

Lachisanu ndi chiwiri: mailosi zikwi zinayi.
Ankapita kuti munthu wopuma ntchito?
"Kuchipatala. Ndinali ine pabedi.
M'mawa ndi madzulo, ndi supu m'fulasiki."
Pepala langoti nyali yakumbuyo ikuphethira,
mabuleki akutsogolo afuna kuwayang'anira.

Lomaliza: mailosi makumi anayi ndi imodzi,
chaka chathunthu.
Sindinafunse.

Kenaka zii. Zaka ziwiri zopanda pepala.
Apa ndi pamene nzeru za Declan zimathera,
pakuti makina ongokhala amadwala mwakachetechete:
petulo amasasa, batire imafa,
matayala amang'aluka ali chiimire,
dzimbiri limadya m'kati mosaitanidwa,
ndipo palibe makaniko wolemba zimenezo.

Ndinagwada pa simenti yozizira,
ndinayendetsa chikhadabo m'mbali mwa tayala.
Ming'alu ing'onoing'ono, ngati ya kuchitendene.
Pansi pa injini pouma, palibe dontho.

"Ndimailiza Lamlungu lililonse," anatero,
"mphindi zisanu, chitseko chili pululu.
Kuyendetsa sindidziwa.
Ndimangoima apa."

Ndinadina. Inatsokomola.
Ndinadinanso, inavomera,
utsi pang'ono woyera, kenaka mawu osalala.

Ine ndimagwira usiku kunyumba yosungira okalamba,
basi yomaliza imandisiya pafupifupi sabata iliyonse.
Sindinabwere kudzagula chisoni cha munthu,
ndikufuna chinthu chodzuka ndikachidzutsa.
Ndinachotsa makumi asanu chifukwa cha matayala,
manyazi akundiwotcha m'makutu.
Anawerenga ndalama kawiri, nagwedeza mutu.

Lero singakwereke pamsewu, pepala lake linatha.
Ndinaikankha ndi manja mpaka kwa Pritpal,
misewu itatu, mvula ikulowa m'khosi,
mapepala asanu ndi anayi ali m'kati mwa jekete.
Chitini anakana nacho.
Akuti n'chabwino kusungiramo mabatani.

Pritpal anatuluka akupukuta manja,
tsitsi la m'ndevu litayera,
anayang'ana nambala, kenaka ine.
"Ya Len iyi," anatero.
"Lachinayi. Koma galasilo musinthe,
ndinamuuza kasanu."