Chitsa Chopserera cha ku Kaning'ina

Anandipatsa anthu asanu ndi anayi,
mapu onyowa ndi kampasi yong'aluka galasi.
Sajeni Luhanga sanandiyang'ane n'komwe.
"Lero ndi ako. Folo koloko m'mawa
ndiwapeze pamlatho, onse."
Anakwera lole, chifunga n'kumeza nyali zake.

Masana omwewo ndinali m'kalasi ku Luwinga
kulimbana ndi mayeso a masamu.
Inki inali isanachoke kuchala
chimene tsopano chinkayenda pamizere ya mapu
ngati chikudziwa kumene chikupita.

Udindowu ndinkaufuna, ndisaname.
Miyezi isanu ndinapukuta jombo mpaka kudziona nkhope,
ndinakuwa paperete mpaka mawu kusasa,
kuti tsiku lina dzina langa litchulidwe poyamba.

Koma chifunga cha Mzuzu sichisunga maina.
Usiku mitengo ya masuku yonse ndi mapasa.
Tinadutsa chitsa chopserera cha m'ma leveni,
wani koloko tinachidutsanso.
Ndinachizindikira.
Ndinameza malovu, n'kunena ndi mawu a paperete aja,
"Tiyeni, tatsala pang'ono."

Kumbuyo mano a Zuze ankawombana,
mwana wa ku Nsanje amene Juni wa kuno
amamulowa mpaka m'mafupa.
Walusungu ankatsimphina osadandaula,
chidendene chitasupuka kuyambira dzulo.
Onse ankaponda pamene ndaponda ine.

Kenako Fiskani,
yemwe uja wotsalira pothamanga,
yemwe ndinamuseka atatembenukira kumanzere
gulu lonse likupita kumanja,
anandigwira lamba wa chikwama
n'kunong'ona kuti ena asamve:
"Madzi akumveka uku, akulu.
Ndinkatola nkhuni muno ndi amayi,
tikumakagulitsa ku Masasa.
Mtsinje sunama."

Anandipatsa njira mobisa,
monga umapatsira mnzako ndalama pamaliro.
Ndikanatha kuitenga, kuloza ndi dzanja langa,
palibe akanadziwa.

Ndinaimitsa mzere.
Chikwama chinali ndi makilogalamu makumi awiri
koma mawu awa analemera kuposa:
"Ndakusocheretsani. Maola awiri tikuzungulira.
Fiskani, tsogola."
Palibe anaseka. Wina anatsokomola.
Ndinavula juzi n'kumuveka Zuze,
ndinatenga mfuti ya Walusungu paphewa lachiwiri,
ndipo ndinapita kumapeto kwa mzere
kumene mtsogoleri amaona misana
n'kumawerenga: mmodzi, awiri, atatu,
pokwera, potsika, powoloka,
kuyambiranso.

Tinafika kutayera, atambala a ku Mchengautuba atatopa kale.
Sajeni sanayang'ane wotchi.
Anawerenga mitu ndi chibwano.
"Wakutulutsani ndani?"
"Fiskani, bwana."
"Nanga iwe?"
"Ndinawasocheretsa. Kenako ndinawauza."
Analemba kanthu m'kabuku kake kakuda
kamene palibe kadeti anakawerengapo,
n'kundipatsa ketulo.
Ndinathira makapu asanu ndi anayi.
Ine anandisiyira masamba a pansi
ndi kuzungulira bwalo kakhumi, chikwama kumsana,
chifukwa kuchedwa ndi kuchedwa basi,
ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya.

Lolemba kunabwera kaputeni wa nsapato zowala
kudzatiphunzitsa makhalidwe asanu ndi awiri a mtsogoleri.
Ndinawakopera onse bwinobwino, pensulo ikupweteka matuza.
Chitsa chopserera munalibemo.

Akuti Lachisanu amata maina
a opita kumaphunziro apamwamba.
Malo ndi atatu okha.
Usiku ndimadzuka, n'kumamva mvula yowaza pamalata,
osadziwa chimene chili m'kabuku kaja.
Jombo ndimapukutabe.
Koma m'mawa uno pothamanga kulowera ku Katoto,
akabaza akutiimbira mabelu,
ndinapezeka ndili kumbuyo, pambali pa Fiskani,
milomo ikuyenda yokha.
Anandiyang'ana, akupuma movutikira.
"Tilipo onse, akulu," anatero. "Siyani kuwerenga."