Ubweya wa Nkhosa za Vinko

M'phiri la Pohorje chipale chagwa usiku wonse.
M'mawa ndapeza mapazi
ong'ambika pakati ngati nyemba,
akutsata mzere umene ndinabzala mu Epulo.
Nswala zawerenga mitengo yanga bwino kuposa ine.

Sizidya mtengo wonse ayi.
Zimangobudula kansonga,
kamphukira kokhako kodziwa njira ya kumwamba.
Wotsalawo umakula chopingasa,
nthambi mbwee, mutu wopanda.

Waya ndinafunsa mtengo ku Maribor,
ndinabwerako manja m'thumba.
Vinko anandiseka, nandiponyera chisaka:
ubweya wosachapa, wonona mafuta,
fungo lake lofika munthu asanafike.
"Nswala imanyansidwa ndi nkhosa," anatero.
"Usamange zolimba. Mtengo nawo umapuma."

Ndiye ndagwada, Slavica ine,
zaka makumi asanu ndi limodzi m'mawondo,
kuveka timitengo mazana atatu tizipewa.
Zala zauma gwa.
Pa wa makumi anayi ndinasiya kuwerenga,
ndinayamba kuyitana mayina a akufa athu,
mtengo uno Alojz, uwo Pepca,
amene anasiya nkhalango tizilombo tisanaifumbe.

Dzuwa likupendeka, ina yatulukira m'malire,
nthiti zikuwerengeka, mimba ili ndi mwana.
Yandiyang'ana. Sindinatole mwala.
Njala yake ndi ya lero,
mthunzi wanga ndi wa anthu amene sindidzawaona.

Ubweya watha kutatsala mitengo isanu ndi iwiri.
Imeneyo ndaisiya mitu pamtunda,
ndatsika phiri ndikununkha khola.