Pansi pa Njereza

Elufe akukonzekera mayeso,
magetsi azima, kandulo yatsala kachidutswa,
ndiye akundiwerengera mokweza za mafumu akutali.
Uyu atalanda mzinda anapaka njereza
pankhope za oyera mtima m'tchalitchi,
nayala mikeka moyang'ana kwina.
Uyo, patapita zaka mazanamazana,
anakweza belu pansanja yoitanira swala,
nakhoma mtanda pamene panali mwezi.
Wina, akuti, anakana kugwada m'nyumba ya mnzake
poopa kuti omutsatira angadzailande.
Dzina lake landithawa kale. Elufe waloweza.

Ine ndine womanga chabe, wa ku Chilobwe,
sukulu ndinalekera panjira.
Koma njereza ndimaidziwa:
mvula ziwiri, zitatu, yayoyoka,
nkhope yakale ija yayambanso kusuzumira.
Njerwa siibatizidwa, siisilamuka,
imangosenza chimene mwaisenzetsa.

Chaka chija phiri linasanza matope
denga la tchalitchi chathu linapita ndi mphepo.
M'mawa Che Twaibu anakwera chitunda,
mkanjo utathimbirira mpaka m'mawondo,
makiyi akulira m'thumba.
Sanalalikire. Anangoti,
"Mabenchiwa avunda. Nyamulani."

Tinavula nsapato pakhomo,
ena masokosi obooka, manyazi bii.
Mabenchi khumi ndi anayi
anagona pakhonde la mzikiti milungu isanu,
mabuku a nyimbo akuuma pampanda
pafupi ndi ndowa zosambira asanaswali.
Sindinama, kung'ung'udza kunalipo:
mkulu wa mpingo wina anati tagulitsa chikhulupiriro,
kwawonso mnyamata wina analavula
poona mtanda wosemedwa pagome lathu.
Che Twaibu anangouphimba ndi chitenje cha akazi awo,
osati kuubisa, anatero, fumbi lachuluka.

Chilimwe chitafika thanki yawo inang'aluka.
Ndinaimata ine. Ndalama ndinalandira,
ana sadya ubale,
koma simenti yotsala theka la thumba
ndinaibweza, chinthu chimene sindichitachita.

Ndamuuza Elufe zonsezi.
Waseka, akuti za Che Twaibu sizibwera pamayeso,
amafuna chaka, dzina la mfumu,
ndi amene anapambana.

Kandulo yatha.
Kumunsi kwa msika azana yayamba,
galu wa a Nachisale akuyankha monga mwa masiku onse,
ndipo belu lathu, lomwe ndi chitsulo cha gudumu la lole,
likudikira Lamulungu pamtengo wa mango.