Mizere Itatu

Mayi Felizarda aibweretsa pa njinga ya kabaza
atayifunditsa bulangete ngati wodwala malungo.
"Mawu ikutulutsa," akutero, "koma nkhope ayi."
Malemu amuna awo anaigula ku Moatize
ndi malipiro oyamba a kumalasha,
nabwera nayo ku Ulongwe ataifukata pamiyendo ulendo wonse.

Zomangira zinayi zamasuka bwino.
Chachisanu ndi msomali,
ntchito ya mmisiri wina wa mtima wapachala.
M'katimo muli fumbi, mazira a mphemvu,
ndi nalimata wouma, atayang'anabe kumene ankapita.

Ndimayamba ndi mphuno. Chopsa sichibisala.

Kapasita sanandivute:
watupa mutu ngati chitumbuwa,
manambala ake akuwerengeka pambali,
abale ake ndili nawo m'chitini cha mkaka.

Koma kseri kwake kuli karezisita,
kanthu kochepa ngati njere ya mpunga,
kamene dzina lake silolembedwa ndi zilembo
koma ndi mizere ya utoto.
Woyamba ndi wofiira, umenewo ndikulumbira.
Wachiwiri ndi wakuda,
kapena ndi moto unaudetsa.
Wachitatu ndi phulusa.

Ndaitana Elizeu, maso ake akadali anthete.
Wakagwira pa dzuwa, wakatembenuza, wakanyambita.
"Akulu, apa palibe munthu."
Mita nayo yangoti duu, singano osasuntha.

Ndaimbira wa sitolo ku Tete.
Waseka mpaka mayunitsi anga kutha:
"Madala, auzeni agule yopyapyala,
amene ankapanga zimenezo anatseka kalekale."

Ukaphonya mzere umodzi wokha
chithunzi chimabwera, umaombera m'manja,
kenaka utsi.
Ndinawotchapo ya mphunzitsi wa ku Domwe,
mpaka lero akandiona amawolokera tsidya lina la msewu.

Tsono ndalowa m'chipinda chakumbuyo
chimene mkazi wanga amati kumanda.
Mawailesi akanema makumi atatu, osanjikizana,
eni ake anati tibwera Loweruka.
Ndasuntha, ndayetsemula, ndasunthanso.
Pansi penipeni, pafupi ndi thumba la feteleza,
pali ina imene mphezi inapha chaka cha dzana.
Dzina lakunja ndi losiyana,
koma m'mimba mwake misewu ndi yomweyo,
mphambano zomwezo, pakona kapasita yemweyo.

Titabwerera kuchokera kothawa nkhondo
mudzi wathu unali tchire lokhalokha.
Amayi anaima pa chitsa cha mango,
nawerenga mapazi kulowera kuchulu,
nati, "Khomo linali apa."
Sanafunse munthu.

Inenso ndawerenga:
kuchoka pa kapasita, kudumpha waya wobiriwira,
chachiwiri kumanzere.
Ndi aka. Kamoyo, koyera ngati kagulidwa dzulo.
Wofiira. Wapepo. Wachikasu.
Umene ndinkati wakuda uja unali wapepo,
ndipo dzanja langa linali litalowa kale m'chitini
kukatenga kolakwika.

Mtovu wasungunuka, kautsi kakwera m'maso.
Miyendo iwiri, madontho awiri.
Ndiye magetsi azima.

Takhala pakhonde atatu,
kuonera malole a mbatata akutsikira ku Tete.
Mayi Felizarda sanafunse mtengo,
ine sindinatchule.
Pansi pa mpando wawo pali ndowa ya kachewere
yomanga ndi chitenje pakamwa.

Cha m'ma sikisi babu yaphethira.
Ndadina. Kulira kuja kwa udzudzu,
ubweya wa pamkono kuimirira,
kenaka pang'onopang'ono, kuchokera pakati,
mwamuna wa tayi akuwerenga nkhani,
nkhope yake yobiriwira ngati tsamba la mpiru.

Ndatola sikuludiraiva kuti ndikonze mtundu.
Andigwira pamkono.
"Isiyeni. Bambo ake Nelito ankaonera choncho."