Mazira Oyera

Pansi pa nyumba yathu ku Ostrava,
m'kachipinda momwe kale tinkasungiramo malasha,
ine ndimasungamo nsomba.
Matanki asanu ndi anayi, pampu ikung'ung'udza usiku wonse,
kunja chipale chitakwirira njanji.

Lachiwiri madzulo yaikazi inaikira.
Inkakwera sileti pang'onopang'ono, mimba ikukhudza mwala,
ikusiya timazira m'mizere,
yaimuna ikutsatira pambuyo.
Ndinawerenga mpaka mazana awiri, maso anandikana.

Kenako ndinachita zomwe ndimachita nthawi zonse:
ndinaba.
Ndinazula sileti ija, n'kuiika m'chibotolo
chomwe malemu Drahomira ankaviikamo nkhaka m'madzi amchere,
poti ulendo wathawu ndinaziona ndi maso angawa
zikudya mazira awo.

Lachitatu m'mawa limodzi linayera.
Dzira lamoyo limakhala ngati kadontho ka uchi, kuwala kumadutsamo.
Lakufa limayera ngati diso la nsomba yophika.
Pofika masana linali litamera ubweya.
Chuku sichiodira.
Chimayamba ndi wakufa, chikakhuta
chimatambasula timikono ta thonje kwa amene wagona pambali,
ndipo wapambaliyo analibe mlandu.

Ndinathira mankhwala a buluu, madontho atatu,
madzi anasanduka inki.
Ndinasendeza kamwala ka mpweya kuti thovu lizidutsa pafupi,
lizikupiza, koma lisakhudze.
Ndinatenga kapaipi kagalasi kuti ndiyamwe oyerawo limodzilimodzi.

Koma manja awa.
Zaka makumi awiri ndi zitatu anagwira chibowolero mumgodi
ndipo mpaka lero sanamve kuti mgodi unatsekedwa.
Ndikaloza loyera, ndimaphwanya lamoyo.
Ndinatukwana. Ndinapepesa. Ndinalozanso.

Radovan wa pamwamba anatsika kudzatenga mbatata zake,
anaima pakhomo, chipewa chikudontha.
Akuti, Vlastimil, usiku wonsewu? Wasanduka mzamba?
Sindinamuyankhe, ndinali nditagwira mpweya.

Lachinayi theka la sileti linali munda wa thonje.
Lachisanu ndinapeza timichira tikugwedezeka,
khumi ndi kamodzi.
Pa mazana awiri aja, khumi ndi kamodzi.

Ndipo m'thanki yayikulu, makolo aja
anali akadali pakona pomwe panali sileti,
akukupiza zipsepse mosinthana,
kupepesera galasi lopanda kanthu.
Masiku atatu. Chakudya chinkamira osachiyang'ana n'komwe.

Patatha milungu iwiri anaikiranso,
ulendo uno pa paipi ya sefa, poti sileti ndinali ndisanabweze.
Ndinabwera ndi chibotolo. Ndinachiika pansi.
Ndinakhala pa bokosi, ndinazimitsa getsi,
n'kuphimba tochi ndi sokosi.

Cha m'ma thuu koloko ndinaona.
Yaikazi inayenda ndi mlomo m'mizere yonse,
inadumpha ili, inadumpha ilo,
inafika pa loyera, inalitola, n'kumeza.
Loyera lokha.
La pambali pake silinasunthe.
Yaimuna inabwera n'kukupizira pamalo potsalapo.

Sindikudziwa ngati ulendo woyamba uja zinali chonchi.
Mwina anadyadi onse, anali ana nawonso, mantha anawagwira.
Mwina ndine ndinaona mlomo wokha
n'kugamula mlandu wonse.
Palibe woti ndimufunse.

M'mawa Radovan anandipeza pa masitepe.
Akuti, lero angati?
Ndinati sindinawerenge.
Anayang'ana zala zanga, zikadali za buluu m'zikhadabo,
buluu wosamva sopo,
n'kundipatsa mbatata ziwiri.

Khumi ndi kamodzi aja ali m'chibotolo cha Drahomira.
Akusambira tsopano, asanu ndi awiri.
Ndikayandikira amathamangira kugalasi,
ndipo ine ndimawakupizira ndi dzanja lonjenjemerali
ngakhale mphepo yake siingalowe m'madzi.