Mtundu Umene Mwiniwake Akukumbukira

Ku Gdańsk kumada msanga mu Disembala.
Ikamati folo koloko, zenera la ofesi ya zotayika
lasanduka kale kalilole,
ndipo kumbuyo kwa nkhope yanga ndimaona mashelefu:
maambulera mazana anayi, zipewa, ndodo ya munthu wosaona,
mano oikirira ali m'kabokosi ka sopo.

Anandilemba ntchito kuti zonsezi zilowe m'kompyuta.
Chilichonse ndinachipatsa zizindikiro zake:
dzina, mtundu, tsiku, nambala ya tiramu,
ndi kampata kotsiriza ka ndemanga
komwe Halina amathiramo chilichonse chamubwerera m'mutu.
Kenaka ndinaluka sefa, mizere isanu ndi umodzi basi.
Tenga mndandanda. Funsa chimodzichimodzi:
mtundu wako ndi uwu?
Chikavomera, chitsale.
Chikakana, chigwe.

Lachiwiri kunabwera bambo Zdzisław,
chipale chofewa chikusungunuka pa nsidze zawo.
Golovesi imodzi, anatero. Yakumanzere. Yobiriwira.
Ndi ya mkazi wanga. Tinamuika mu Okutobala.
Ndimayenda nayo m'thumba, koma thumbali lili ndi bowo.

Ndinalemba mawuwo, ndinadina.
Kompyuta inabweza mabulaketi awiri oyang'anizana,
pakati pake mbee,
ngati zikhatho za munthu wobwera chimanjamanja.

Mwina ndi zilembo, ndinatero.
Khodi yanga ikaona chilembo chachikulu ndi chaching'ono
imayesa si pachibale.
Ndinazifupikitsa zonse msinkhu umodzi. Ndinadinanso.
Mbee.
Tiramu nambala eyiti? Magolovesi makumi atatu ndi asanu,
yobiriwira ng'o.
Iwo anathokoza ngati ndawachitira kanthu.
Ali pakhomo anatembenuka:
chala chachikulu anachisoka yekha, ndi ulusi wofiira,
wobiriwira unali utatha.

Usiku umenewo sindinakwere tiramu yanga.
Tiyi anazizira, paipi yotenthetsa nyumba ikugogoda.
Ndinaphwasula sefa ija.
Ndinali kufunsa funso limodzi pa khomo limodzi,
n'kumafuna yankho lofanana ndendende ndi langa.
Ndani amayankha choncho?
Ndinalembanso: gogoda pa zizindikiro zonse,
usasiye ndi ndemanga yomwe.
Usafunse ngati zikufanana,
funsa ngati mawuwo akupezekamo penapake.
Ukapeza kampata kopanda kanthu usagwe nako, pitirira.

Ndinalemba: ulusi.

Chinatsala chimodzi.
Nambala 2217. Shelefu yachitatu, bokosi la pansi.
Mtundu: yotuwa.
Ndemanga: chala chachikulu chosokedwa ndi ulusi wofiira,
wosokayo sankafulumira.

Ndinaitulutsa, ndinaiika pansi pa nyale.
Halina sananame. Inali yotuwa
ngati madzi a pa doko kukachita mitambo.

M'mawa anabwera asanamete ndevu.
Anaitenga ndi manja awiri, anaitembenuza,
chala chawo chikutsata ulusi uja.
Ndi yomweyi, anatero. Mwaona kubiriwira kwake?
Ndinamugulira tili pa chibwenzi,
malipiro anga oyamba a kokonza zombo.

Atapita ndinatsegulanso khodi.
Mawu a Halina sindinawafufute.
Pansi pa mtundu ndinawonjezera mzere wina,
kampata katsopano pa zinthu zonse zikwi zitatu,
n'kukatcha: mtundu umene mwiniwake akukumbukira.

Mpaka lero ndi kopanda kanthu pena paliponse
kupatula pa 2217.