Njinga ya Mlangizi

Ku Biwi, pakati pa zitsulo za dzimbiri,
a Chimphonda atsegula kabureta
ngati akutumbula nkhuku.
"Jeti yatseka," atero, nauzira ndi pakamwa.

Iyi ilibe batani lolizira.
Umaiponda kiki, ikakwiya imakubwezera pamsongolo.
Bambo anatsimphina nayo mpaka kumanda.

Matayala ake mano okhaokha,
madigadi akutsogolo ali m'mwamba
kuti matope a ku Mitundu azidutsa pansi.
Tcheni chatafuna sipuroketi mpaka nkhama.
Oyilo timasakaniza ndi petulo m'botolo,
muyeso wake ndi diso.

Ndiponda kachitatu, yakhosomola.
Kachinayi
utsi wabuluu wadzaza shedi yonse,
ndipo ndamva fungo la jekete lawo
ali pakhomo madzulo,
asanavule jombo.